Ine ndinasokera pa mawu awiri basi

Mwana wa achemwali anga amakhala nane kuno ku Salima, ali fomu 3 pa sukulu ina yoyendera, ndipo sabata yatha ndinapeza pepala lake la mayeso a Physics atalipinda kanayi nkulibisa mkati mwa buku la Chichewa. Ndimasaka cholembera ine, sindimafufuza za mwana ayi. 23 pa 100. Pansi pake aphunzitsi analemba ndi inki yofiira kuti alimbikire, basi, palibenso china. Nde ndinakhala pakhonde ndi pepala lija nthawi yaitali ndithu, osakwiya, kungoti mawu amenewo ndimawadziwa, anandilemberapo inenso kambirimbiri ndipo palibe tsiku olo limodzi lomwe anandithandiza. Ulimbikira chani usakudziwa pomwe unasokerera? Mwanayu amawerenga mpaka 11 koloko usiku, magetsi akathima amabwereka foni yanga kuti aziunikira, manotsi ake ndi aukhondo moti ukhoza kuwagulitsa. Za kulimbikira musamuuze, akulimbikira kale mpaka maso kufiira.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, cha ku Chia, kufupi ndi mlatho uja wa pamsewu wa M5 pomwe madzi a Chia amakumana ndi nyanja yaikulu ndipo basi iliyonse ikaima anthu amathamangira kumawindo ndi nsomba mmanja. Sitandade 1 ndinayamba mu 1994, chaka chomwe boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana msukulu zadziko lino nkudumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha mma 3 miliyoni nthawi imodzi. Ife ndife ana amenewo. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, gulu losawerengeka, mphunzitsi mmodzi kutsogolo akukuwa a e i o u ife nkumayankha ngati achule a mdambo, ndipo mvula ikabwera sukulu yatha. Sindikunyoza, bwenzi nditakhala kuti pakanapanda zimenezo? Abambo anga fizi sakanaikwanitsa. Koma chomwe chinachitika nchakuti tinkangokankhidwa kupita kutsogolo, sitandade iyi kulowa inayo, ndipo aliyense ankanyamula kadzenje kake mmutu komwe palibe anakaona. Wina sanamve bwino za kugawa manambala ku sitandade 4 chifukwa mwezi umenewo anadwala malungo, wina anajomba nthawi yokolola mpunga, wina ankakhala kumbuyo osaona pa bolodi. Kufika sitandade 5 zonse zasanduka Chingerezi, dzenje lija nkukula.

Mayeso a sitandade 8 ndinalemba kawiri. Kachiwiri ndinasankhidwa kupita ku CDSS, zija zoyendera zomwe kale zinali malo ophunzirira a MCDE, koleji ya maphunziro apatali ija, boma nkuzisandutsa masekondale chakumapeto kwa zaka za mma 1990. Omwe anakhoza bwino zedi anapita ku ma sukulu ogonera komweko, ife otsala tinapita koyenda wapansi, ndipo aphunzitsi athu ambiri anali ophunzitsidwa za ku pulayimale omwe anangowakweza kuti akaphunzitse fomu 1 mpaka 4 chifukwa panalibe ena. Mkalasi mwathu tinalimo oposa 80. Piriyodi imodzi ndi mphindi 40. Tawerengani nokha, ngati mphunzitsi atati alankhule ndi mwana aliyense payekha, aliyense akupeza theka la mphindi, ndipo apo sanafufute bolodi, sanaitane mayina, sanathamangitse mbuzi yomwe yalowa pakhomo. Nde chomwe chimachitika mkalasi yotere tonse timachidziwa: mphunzitsi amaphunzitsa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a kutsogolo aja, akafunsa kuti tamvana iwo nkuyankha kuti eya, enafe nkugwedeza mitu, mutu wina wayambika. Amati safunsa anadya phula, koma ungafunse bwanji pamaso pa anthu 80, mtsikana yemwe umamufuna ali pomwepo, funso lako lili la sitandade 6? Bola kudya phulalo.

Masamu ndinkapeza 12, 18, tsiku labwino 25. Ndinavomereza kuti ndine mbuli pa masamu ndipo sizinkandipwetekanso. Chodabwitsa nchakuti usiku wa mdima, mwezi ukalowa msanga, ndinkapita nawo ku chilimira ndi amalume anga kukagwira usipa, ndipo mmawa pagombe ine ndi amene ankandipatsa ntchito yowerengera. Ndowa zingati zatuluka, mtengo wa lero ndi uwu, tichotse za palafini wa nyali, mwini ukonde atenge zake, zotsalazo tigawane alovi koma siginala apeze zochulukirapo chifukwa ndi amene amaitana nsomba ndi nyali. Zonsezi ndinkachita mmutu, mwachangu, anthu akulu akulu ataima akundiyang'ana, ndipo ukalakwitsa pamenepo sakulembera ndi inki yofiira, amakutukwana mtundu wako wonse. Sindinalakwitsepo. Koma sindinkadziwa kuti amenewo ndi masamu. Masamu kwa ine chinali chinthu china cha mChingerezi chokhala ndi x.

Tili fomu 2 kunabwera asala ena atsopano, angochoka kumene ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi. Anali munthu wochepa thupi, wolankhula motsitsa, ankayenda pa njinga ya kapalasa yopanda mabuleki akutsogolo ndipo sabata yoyamba tinawaseka kuti awa sakhalitsa. Sabata yachiwiri anatipatsa mayeso omwe anatikwiyitsa tonse chifukwa anali a ku pulayimale, kuphatikiza, kuchotsera, ma fraction, mafunso a mawu angapo. Ife a fomu 2, chaka cholemba JCE, mukutipatsa za ana? Sanatiuze malikisi. Anangotenga mapepala aja nkupita nawo kunyumba, kenako tinayamba kuwaona ndi kope lina lachikuto cholimba lomwe sankasiyana nalo.

Tsiku lina Lachiwiri titaweruka anandiitana. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya kugona mkalasi, poti usiku wake ndinali panyanja. Tinakhala pa benchi kuseri kwa ofesi, iwo nkutulutsa pepala langa lija.

"Iwe, tawerenga funso ili mokweza."

Ndinawerenga. Linali lonena kuti nambala ina ndi "5 less than x", ndilembe nambalayo. Ine ndinali nditalemba 5 − x.

"Chabwino. Tsopano undiuze mChichewa kuti akufuna chani."

Ndinangoti duu. Pa sukulu paja Chichewa chinali choletsedwa, ukagwidwa ukulankhula umakatchetcha udzu, nde kumva mphunzitsi akupempha yekha Chichewa ndinaona ngati msampha.

"Sala, akuti 5 tichotsepo x."

"Kwanu mumapha usipa eti? Mnzako wapha ndowa 20. Iwe wapha zochepa ndi 5 poyerekeza ndi iyeyo. Wapha zingati?"

"15 sala."

"Wachotsa chani pa chani?"

Abale inu. Ndinakhala chete ndikuyang'ana pepala lija, ndipo mpaka lero ndimakumbuka kutentha komwe ndinamva kumakutu. Zaka zonsezi ine ndinkalemba manambala motsatira mmene mawu abwerera, 5 wayamba nde 5 akhale kutsogolo, less ndi kuchotsa, basi. Palibe anandiuzapo kuti mawu awiri amenewa amatembenuza zinthu. Asala aja anapitiriza, anandifunsa kuti product ndi chani, ine ndinati ndi katundu wopangidwa ku fakitale ngati shuga wa ku Dwangwa, poti ndi mmene tinaphunzirira ku phunziro lina. Difference ndinati ndi kusiyana kwa zinthu, monga chambo ndi kampango. Sanaseke. Analemba mkope mwawo muja mzere umodzi pafupi ndi dzina langa, ndipo ndinasuzumira: manambala amatha, vuto ndi mawu a mafunso.

Chiganizo chimenecho ndi chinthu choyamba chomwe mphunzitsi aliyense ananenapo chokhudza ineyo, osati kalasi yathu, osati ana a masiku ano, ineyo. Ndipo chinali choona.

Kope lija linali ndi mzere wa munthu aliyense. Ndinadzaliona bwino patapita nthawi atandituma kukalitenga pa desiki pawo, ndipo inde ndinawerenga, ndani sakanawerenga? Wina analembedwa kuti sadziwa matebulo kupitirira 6. Wina kuti ma negative amamusokoneza. Mtsikana wina yemwe tonse tinkamuyesa wamwano chifukwa sankayankha akaitanidwa, analembedwa kuti khutu lakumanzere silimva, akhale mbali ya kuzenera. Mnyamata wina wanzeru kwambiri analembedwa kuti zimamuchepera, apatsidwe za fomu 3 asanayambe kusokoneza anzake. Anatigawa mmagulu motengera madzenje athuwo, osati gulu la anzeru ndi gulu la mbuli ayi, chifukwa ine yemwe ndinali mgulu la mawu Lachiwiri, Lachinayi ndinali mphunzitsi wa gulu la matebulo. Tangoganizani, ine wa 18 pa 100 kuimirira kuphunzitsa anzanga kuchulukitsa. Makope sankachonga onse 80 tsiku limodzi ngati ena omwe amangosayina osawerenga, ankatenga khumi patsiku nkuwawerenga zenizeni, nde pa masabata awiri aliwonse kope lako linkabwera ndi mawu akoako, nthawi zina mChichewa, kuti apa wasokera chifukwa chakuti.

Ine ntchito yanga inali imodzi, kulemba kumapeto kwa kope mawu onse a Chingerezi cha masamu ndi tanthauzo lake mChichewa changa. At least, at most, twice as many, exceeds, remainder, consecutive. Anakwana masamba anayi. Masamba anayi okha abale, ndi omwe anaima pakati pa ine ndi masamu kwa zaka zisanu.

Patapita zaka ndinadzamva kuti nkhaniyi anthu ophunzira anaifufuzapo kale. Mu 1984 mkulu wina wa ku yunivesite ya Chicago, Benjamin Bloom, analemba za ophunzira omwe anawagawa, ena kuphunzira mkalasi wamba, ena kukhala ndi mphunzitsi wawowawo wowatsatira mmodzimmodzi nkumawakonza pomwe alakwitsa asanapite patsogolo. Anapeza kuti mwana wapakatikati mwa ophunzitsidwa payekha aja ankaposa ana 98 mwa 100 aliwonse a mkalasi wamba. Ofufuza ena apambuyo pake anapeza kuti phindu lake silifika pamenepo nthawi zonse, koma kuti lilipo ndipo ndi lalikulu palibe akutsutsa. Chomwe chinandiseketsa ine nchakuti kalasi wamba yomwe iye ankaidandaula inali ya ana 30. Makumi atatu! Ife tikanaiona ngati Kamuzu Academy. Ndipo funso lake lenileni mkuluyo linali lomweli lomwe asala athu ankalimbana nalo pa njinga yawo yopanda mabuleki, loti poti sitingapatse mwana aliyense mphunzitsi wake, tingatani kuti gulu lipindule ngati kuti aliyense ali ndi wake. Ku India bungwe la Pratham linayamba njira yoyesa ana kaye kuti ali pati, nkumawaika mmagulu kwa ola limodzi kapena awiri patsiku motengera zomwe akudziwa osati kalasi yomwe ali, ndipo anzathu a ku Zambia anaitengera mma pulayimale awo nkuitcha Catch Up. Asala athu sindinawamvepo akutchula zimenezi, iwo anali ndi kope ndi bolopeni basi.

Koma ndisanamize anthu kuti zinali zokoma zokhazokha. Silabasi sanamalize chaka chimenecho. Mitu iwiri kapena itatu tinalowa nayo mmayeso tisanaione, ndipo ana akutsogolo aja, omwe anazolowera kuti kalasi ndi yawo, anadandaula kwambiri, makolo ena mpaka anabwera kudzaonana ndi ahedi. Ndipo ndikaganiza bwino anali ndi mfundo, MANEB sifunsa kuti dzenje lako linali pati, pepala ndi limodzi dziko lonse, wa ku Chia ndi wa sukulu yokhala ndi labu ndi laibulale onse funso lomwelo. Mphunzitsi amene waima kuti atole otsalira akuika pachiswe othamanga. Komanso sanatole onse. Mtsikana wa khutu uja anasiya sukulu telemu yachitatu nkukwatiwa cha ku Benga, anyamata awiri analowa mnyanja osabwereranso mkalasi, ndipo panali ena omwe dzenje lawo linali lakuya moti Lachiwiri ndi Lachinayi sizikanakwana, munthu wofika fomu 2 asakutha kuwerenga ndime ya Chingerezi nkumvapo kanthu umuyambira pati? Iwonso asalawo ankatopa, ankaoneka, ndipo palibe anawawonjezera olo tambala pa maola amenewo. Anakhala nafe zaka ziwiri nkusamutsidwa.

Komabe ine ndimati kumaliza silabasi pamaso pa ana 80 pomwe akumva ndi 6, kumeneko ndi kumaliza kwa mphunzitsi, ana sanamalize kanthu. Timakonda kunena kuti tamaliza silabasi ngati kuti ndi munda womwe talima, pomwe mbewu zagwera pa thanthwe. Ku MSCE masamu ndinapeza 6. Kwa osadziwa, 1 ndi 2 ndi pamwamba penipeni, 3 mpaka 6 ndi kiredi, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 wagwa. Nde 6 ndi kiredi ya kumchira, sindinapite ku yunivesite, musaganize kuti nkhaniyi ithera pa digiri. Koma 6 ameneyo ndi amene anandilowetsa kosi ya za maakaunti, ndipo lero ndimadya chifukwa cha manambala, ine yemwe ndinalumbira kuti masamu ndi ufiti.

Chomwe chimandiwawa pano nchakuti kuphunzitsa mwana payekha kulipo kale mMalawi muno, kungoti kuli pa malonda. Timati pati taimu. Kuno ku Salima ukayenda madzulo kapena pa holide upeza ana mmakalasi, mmatchalitchi, pakhonde la munthu, alipira kuti aphunzitsidwe mwapadera, ndipo aphunzitsi sindiwada, malipiro awo tonse tikuwadziwa ndipo thumba la chimanga silifunsa kuti ndiwe mphunzitsi. Koma taonani zomwe zimachitika, pati taimu ikatchuka ana amadzadza, afika 50, 60, nde yasandukanso kalasi yomwe ija, munthu mmodzi kutsogolo akuthamanga ndi mapepala a mayeso akale, ana akukopera mayankho. Mwana wa achemwali angayu ndamulipirira matelemu awiri. 23 pa 100. Yeniyeni ija, ya mphunzitsi kukhala pansi ndi mwana mmodzi kapena atatu, ndi ya ana a mabwana omwe angathe kuitanitsa mphunzitsi kunyumba, omwenso ali kale pa sukulu za ana ochepa mkalasi. Wa ku Khombedza kapena ku Lifuwu yemwe amapalasa njinga ola lathunthu kuti afike pa sukulu, yemwe akufunikira kwambiri munthu womufunsa kuti unasokera pati, ndi amene sadzamupeza.

Ena amati mafoni athetsa zimenezi. Mwina pang'ono. Mwanayu ali mmagulu a WhatsApp atatu a manotsi, foni yanga yadzadza ndi mapepala a mayeso a zaka khumi, pa YouTube pali aphunzitsi ofotokoza bwino kuposa omwe ine ndinawaonapo, bandulo ikakhalapo. Koma zonsezi zimayankha munthu yemwe akudziwa funso lake. Ine wa fomu 2 uja mukanandipatsa foni bwenzi ndikusaka mmene angathetsere x, osadziwa kuti vuto langa si x. Panafunika munthu woti andiyang'ane ndikulakwitsa, osandidula, mpaka aone pomwe phazi laterereka.

Nde Loweruka lapitali ndinamuitana mwana uja. Anabwera atagwira manja kumbuyo, akudziwa kuti pepala lapezeka.

"Amalume ndilimbikira telemu ino, ndikulonjeza."

"Khala pansi iwe. Sindikufuna lonjezo. Tenga funso lachitatuli, uliwerenge, kenako undiuze mChichewa."

Ine Physics sindiidziwa, nthawi yathu inali Physical Science pamodzi ndi Chemistry ndipo ndinapeza 8 wa chisoni. Koma Chingerezi cha funso anachimva bwinobwino, anandifotokozera za liwiro ndi mtunda ndi nthawi mpaka ine kumva, nde dzenje lake si langa lija. Fomula anailemba yolondola, yoloweza. Pomwe anaima mpoti funso linkafuna nthawi osati liwiro, nde zilembo zija zimafunika kuzisuntha, china chipite pansi china chikwere pamwamba. Anayang'ana, anafufuta, analemba china, anafufutanso. Ndinayang'ana mafunso ena omwe analakwa, asanu mwa iwo anali a mtundu womwewo. Ndinatenga pepala lina nkulemba theka kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo atatu, za ku pulayimale zenizeni. Anaphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, nkundipatsa 2 pa 5.

Ndinamufunsa kuti ma fraction anaphunzira liti. Anaganiza kaye, kenako anati ndi chaka cha korona, sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 miyezi yambirimbiri ija, atabwerera anangowauza kuti mutu umenewo aliyense akawerenge yekha chifukwa nthawi yatha. Zaka zonsezi wakhala akuzungulira dzenje limenelo, Physics, Chemistry, masamu, paliponse pomwe pali kamzere kokhala ndi nambala pamwamba ndi pansi iye amatseka maso nkudumpha.

Ndinapita kukhitchini nkutenga chigumu chomwe alamu ake a mayi ake anatitumizira, ndi mpeni. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Amalume, ine ndili fomu 3."

"Ndikudziwa. Dula pakati. Chabwino, tsopano theka ilo ndi chidutswa ichi cha magawo atatu, zikufanana kukula? Nde ungaziwerenge limodzi bwanji?"

Tinadula chigumu chija mpaka zidutswa zisanu ndi chimodzi, nyenyeswa thebulo lonse, azakhali ake akukalipa kuti chimenecho chinali cha tiyi wa mawa. Anawerenga zitatu, anawerenga ziwiri, nkunena motsitsa kuti 5 pa 6, kenako anakhala chete ndipo ndinaona makutu ake. Lolemba ndagula kope lachikuto cholimba pa Kamuzu Road, tsamba loyamba ndalemba dzina lake ndi mzere umodzi. Dzulo wabwera ndi anzake awiri, akuti nawonso Physics ikuwavuta, ndipo mmodziyo ndamuyesa kale ma fraction amatha bwinobwino, nde Loweruka likubwerali ndiyambanso naye pa funso loyamba.